Vitumbuwa vokulungidwa m'maina a anthu

Temu ino, pa kosi yanga ya kasungidwe ka zikalata za mu ofesi, tafika pa lamulo la Zambia loteteza mbiri ya munthu (zinthu monga dzina ndi manambala ake), Data Protection Act nambala 3 la 2021. Masabata awiri oyamba ndinkangoloweza kuti ndidzakhoze mayeso basi. Lamulolo ndinkaliona ngati la anthu a ku Lusaka, a makompyuta ndi mabanki.

Loweruka lina ndinagula vitumbuwa vitatu pafupi ndi siteshoni ya mabasi kuno ku Chipata. Amayi ogulitsawo anandikulungira m'pepala. Nditadya chimodzi, ndinaona kuti pepalalo ndi mndandanda wa alimi: dzina, mudzi, nambala ya reji (chitupa cha unzika), nambala ya foni. Ena anasaina, ena anadinda chala. Mafuta anali atalowerera pa maina anayi, koma onse ankawerengeka bwinobwino. Ndinabwerera kukafunsa.

"Amayi, mapepalawa mumawatenga kuti?"

"Timagula, mwanangu. Amabwera nawo mtolo. Bwanji, ndi akuda?"

Iwo analibe mlandu. Koma Lolemba m'kalasi ndinamva phunziro ndi makutu ena. Lamuloli silinena za kompyuta zokha, limakhudzanso za pa pepala. Bungwe lomwe linalemba alimi aja linayenera kuwauza chifukwa chotengera maina awo, kugwiritsa ntchito mainawo pa chifukwa chokhacho, kuwasunga mosamala, ndipo ntchito ikatha osawasunga mpaka kalekale. Zikatayika kapena zikabedwa, wosungayo ayenera kudziwitsa ofesi ya Data Protection Commissioner, mkulu woyang'anira lamuloli, pasanathe maola 24, ndi kuuzanso eni maina. Ku Ulaya lamulo lawo la GDPR limapereka maola 72, ndiye lathu, m'malembedwe ake, ndi lolimba kuposa pamenepo. Ndani anauza alimi aja kuti manambala awo akukulunga vitumbuwa?

Gawo lomwe ndalikonda ndi la ufulu wa mwini mbiri. Ukhoza kufunsa kampani kuti ikuuze zomwe ikusunga zokhudza iwe. Ngati analakwitsa dzina kapena chaka chobadwa, ukhoza kuwauza akonze. Ukhoza kupempha kuti afufute ngati palibenso chifukwa chosungira, ukhoza kukana mauthenga otsatsa malonda, ndipo chilolezo chomwe unapereka ukhoza kuchibweza. Aphunzitsi anatichenjeza kuti kufufuta kuli ndi malire ake. Simungauze banki kuti iiwale ngongole yanu, komanso pali zolemba zomwe malamulo ena amalamula kuti zisungidwe. Kalasi yonse inaseka, chifukwa ambiri tinali titaganiza kale zomwezo.

Za matenda, chipembedzo, mtundu, ndale ndi zidindo za zala lamulo limaziika padera, zimafuna chisamaliro choposa. Apa ndinakumbukira zala zija za pa pepala.

Chandivuta ndi ichi: ufulu wonsewu umayamba ndi kudziwa amene ali ndi mbiri yako. Ine ndinakhala pansi kuwerenga komwe ndinasiyako fotokope ya reji kuyambira pomwe ndinaitenga ndili ndi zaka 16. Polembetsa simu, monga ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, imafunira. Kusukulu, kubanki, kwa alandilodi, m'makalata ofunsira ntchito omwe sanandiyankhe n'komwe. Ndinafika pa 11 n'kuleka. Nanga ambuya anga ku Katete, omwe nyengo ya feteleza wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi, ikafika amangopereka reji kwa aliyense wonena kuti ndi wa kalabu? Akamva kuti pali ofesi yokadandaulako adzati, "Ndipite ndi ndalama yanji?" Ndipo sanalakwe.

Palinso za ngongole za pa foni. Chaka chatha msuweni wanga anakongola kandalama pa app ina, n'kudina "kuvomera" osawerenga. Atachedwa kubweza, anthu aja anayamba kuimbira aliyense wa m'foni mwake, ine ndemwe, ngakhale apongozi ake. A kaloba akumudzi sachita kufika pamenepo. Nthawi imeneyo ndinangotukwana n'kudula foni. Lero ndikanawafunsa kuti nambala yanga anaitenga ndi chilolezo cha ndani, pakuti wovomera anali msuweni, osati ine.

Pa asainimenti ya sabata ino ndalemba kalata yeniyeni kwa kampani ina yomwe imanditumizira mauthenga a inshuwalansi ya maliro m'mawa uliwonse. Ndawafunsa zomwe akusunga, komwe anazitenga, ndipo ndati aleke. Ndinakasiya ndekha n'kupempha kuti adinde kope yanga. Mlongo wa pa kauntala anaiwerenga kawiri, kenaka anaitana abwana ake.

Pepala la vitumbuwa lija ndinafuna kukalionetsa m'kalasi. Mnzanga wokhala naye desiki anandifunsa kuti eni akewo ndawapempha kodi. Linagona masiku atatu m'buku langa la manotsi, ndipo Lachinayi madzulo ndinaliponya pa mbaula pomwe mlongo wanga amatereka madzi a nsima.