Mbuzi inalandira zambiri kuposa ine

Kwathu ku Angónia mwana amakula ndi mawayilesi awiri. Khutu lina limamva Maputo, lina limamva Blantyre, poti mawu a MBC sadinditsa pasipoti pa Calómuè, amangolumpha malire nkulowa m'nyumba. Ine khutu la ku Blantyre ndi lomwe linandiwononga. Ndinkamva Izeki ndi Jakobo akukangana, agogo anga akuseka mpaka fodya kuwatsamwa, ndiye ndinati ntchito ndi imeneyi: munthu kumangolongolola, anthu nkumakupatsa ndalama. Amalume anandiuza kuti mbatata ya kachewere sinanamizepo munthu, ndigwire khasu. Mawu awo analowera uku nkutulukira uko.

Gawo langa loyamba m'sewero ndinalipeza kusukulu pa 25 June, tsiku la ufulu, ndipo ndinali mtembo. Amene amadziwa chisanu cha June ku Ulongwe angamvetse chifukwa chake mtembo umenewo unkanjenjemera, ndi chifukwa chake unayetsemula pakati pa maliro. Anthu anaseka kwambiri, ine nkuyesa ndi luso.

Nditakula tinapanga kagulu ka zisudzo, anthu asanu ndi awiri. Tinkasewera m'misika ndi m'mabwalo a matchalitchi, mabungwe akatituma kukaphunzitsa za kolera, za Edzi, za kukwatiwitsa ana aang'ono. Vuto linali nkhope yangayi. Ena nkhope zawo zimati ukangoziona, nkuti awa ndi abusa kapena anamwino. Yanga ikangotulukira, azimayi amagwira pamfundo ya chitenje pomwe amangapo ndalama. Choncho chidakwa ndinali ine, womenya mkazi ine, wolanda katundu wa amasiye ine ndemwe. Mayi wina pamsika anakana kundigulitsa tomato kwa mwezi wathunthu chifukwa cha mmene ndinkazunzira mkazi wanga, pamene nthawi imeneyo ndinalibe ngakhale chibwenzi.

Kenaka kunabwera mnyamata wina wakwathu komweko amene anakhalako ku Tete zaka zingapo. Anatsika chapa, minibasi ya kwathu, atanyamula kamera, laputopu ndi chipewa chomwe sankavula ngakhale pakudya. Dzina lake lenileni analitaya m'Zambezi, tsopano ankafuna tizimutcha Realizador, kutanthauza wotsogolera filimu m'Chipwitikizi. Anatiuza kuti za pasiteji zinatha, ndalama zili m'kanema: ujambule kamodzi, uziika m'mamemori khadi, anthu azionera m'mafoni ndi m'tinyumba ta vidiyo momwe amaonetsa mafilimu a ku Nigeria. Nkhani anali atalemba kale, ya wakuba mbuzi. Onse anatembenuka kuyang'ana ine. Malipiro anga anali mametikali 300 ndi Frozy mmodzi, ndipo Frozyyo ndinamweratu.

Tinapita kukajambula kumudzi wina cha kunjira ya ku Dómuè, kwawo kwa azakhali ake. Munali mu February, chimanga chili bii, nyengo yomwe mbuzi iliyonse imakhala pachingwe kuti isalowe m'minda ya eni. Realizador anali ndi nzeru imodzi yomwe ankainyadira kwambiri. Anati anthu akumudzi akaona kamera amayamba kukupiza manja ndi kupereka moni kwa abale awo a ku Johannesburg, ndiye iye abisala kuseri kwa nkhokwe, kamera izingosuzumira. Anati wakonza anyamata anayi oti andithamangitse, andigwire, andimenye mwachinamizo. Ine ntchito yanga inali yomasula mbuzi yakuda ya azakhali akewo, yomangidwa pansi pa mtengo wa mapichesi, nkuinyamula pamapewa, nkuthawa.

“Chinthu chimodzi chokha,” anatero atandigwira paphewa, “usatuluke m'sewero mpaka umve ndakuwa kuti corta, ndiye kuti dula, tasiya kujambula. Ngakhale kugwe mvula, ngakhale kugwe chiyani.”

Munthu amene sanafikeko ku Angónia adziwe kuti mtengo wa mapichesi kumeneko si chizindikiro cholozera munthu njira. Ili paliponse. Ndipo mbuzi yakuda nayo si chozizwitsa.

Ndinamva “Acção!” Ndinanyang'ama monga tinkayeserera, kucheuka uku ndi uku, nkumasula chingwe. Mbuziyo inali tonde wonenepa, wonunkha ngati wasamba mkodzo wa chaka chonse, ndipo inalira kulira kosonyeza kuti sewero silinayeserere nayo. Ndinaiponya pamapewa nkuliyatsa liwiro. Ndisanathe mayadi makumi awiri, mfuu inamveka: “Wakubaaa! Mbuzi yanga ineee!”

Ndinasangalala. Ndinati Realizador uyu ngwanzeru, wapeza ndi gogo wodziwa kulira chonchi? Mawu ake ankachita kunjenjemera ngati zenizeni. Nditacheuka ndinaona anyamata anayi aja asanduka khumi ndi asanu, ena atanyamula mipini, mayi wina mthiko, kamwana kena legeni, agalu atatu patsogolo. Mumtima ndinati filimu iyi ili ndi ndalama, ine andipusitsa ndi 300.

Anandipeza padambo. Mpini woyamba utatera pamsana ndinaona kuti mnyamatayo wapitirira muyezo, koma ndinamukhululukira, poti wosewera watsopano amatengeka. Wachiwiri utatera ndinamunong'oneza kuti, “Pang'onopang'ono achimwene, kamera siona ululu.” Anandiwonjezera khofi. Bambo wina wandevu anandigwira pakhosi nkufunsa kuti ndiwe yani, watumidwa ndi yani. Funso limenelo linalimo ndithu m'sewero, ndipo yankho lake ndinali nditaliloweza usiku wonse. Ndinatukula chifuwa, nkuyang'ana kumene kunali nkhokwe kuti nkhope ioneke bwino, nkunena mokweza:

“Inde ndaba! Chaka chatha ndinaba zitatu m'mudzi muno, ndipo mawa ndibweranso!”

Panali kaye zii. Kenaka munthu wina kumbuyo anati, “Zitatu zija ndi zanga.”

Abale anga, ndasewerapo pamaso pa anthu ambiri, koma sindinaonepo mawu anga akukhudza mitima ngati tsiku limenelo. Mthiko uja unagwira ntchito yomwe sunagwirepo pamphika. Ndinayamba ndine kukuwa kuti corta, corta! Bambo wandevu uja, yemwe Chipwitikizi amachidziwa bwino, anauza anzake kuti wakubayu akuti timudule, ndipo wina anathamangira chikwanje. Pamenepo ndinatuluka m'sewero popanda chilolezo cha aliyense. Ndinalira m'Chichewa chenicheni, kuitana amayi anga ndi mfunda wawo womwe.

Anandipulumutsa ndi anyakwawa, omwe ankachokera kudimba. Analamula kuti munthu samenyedwa mlandu usanakambidwe, ndipo anandimanga ndi chingwe cha mbuzi yomwe ija. Anyamata anayi a Realizador tinawapeza atakhala phee pansi pa mtengo wina wa mapichesi, pambali pa mbuzi ina yakuda, akudikira wakuba. Realizador mwini wakeyo anatulukira kuseri kwa nkhokwe nkhope ili ngwee, nkundinong'oneza kuti, “Usadandaule, zonse zalowa.” Ndinamufunsa chomwe sanakuwire corta. Anati zinthu zimayenda bwino kwambiri.

Anzathu zisudzo zinawafikitsa patali. Gilberto Mendes, amene anayambitsa gulu la Gungu ku Maputo mu 1992, anafika poyang'anira zamasewera m'boma. Kutsidyaku Manganya, bambo Michael Usi, mu 2024 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi. Ine zinandifikitsa pabwalo la anyakwawa, nditakhala padothi, mlomo utatupa ngati chitumbuwa.

Realizador anati umboni wondiombola uli mu laputopu. Anaitsegula, mudzi wonse nkuunjikana. Chinaoneka ndi chiyani? Ine ndikunyang'ama, ine ndikumasula chingwe, ine ndikulengeza kuti ndinaba zitatu. Anyakwawa anati abwezerenso. Anaonera kachiwiri, kachitatu, ndipo pofika pa mthiko paja ankagwira nthiti misozi ili mbwembwembwe. Atapukuta m'maso anandiyang'ana nkuti, “Mwana iwe, ukuti unkangoyerekeza?”

“Eya, amfumu.”

“Nanga bwanji ukukhoza chonchi?”

Moyo wanga wonse ndinkadikira munthu wondiyamikira motero, ndipo anabwera pa tsiku lolakwika.

Za mbuzi zitatu zija anandimasula, mwini wake atavomera kuti ziwiri anagulitsa yekha mkazi wake asakudziwa, mlandu wina nkuyambira pomwepo. Koma agogo eni tonde sanagonje. Anafunsa ngati ine ndinalipidwa. Ndinati eya, agogo, 300. Anafunsa ngati anyamata anayi aja analipidwa. Realizador anati 50 aliyense. Agogo anati anyamatawo sanaoneke n'komwe m'chithunzimo, pamene mbuzi yawo yaoneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yalira, yanyamulidwa chadodolido, ndipo kuyambira masana sikudya. Anyakwawa anagamula kuti tonde alandire mametikali 500. Realizador anatulutsa 200 nkunena kuti thumba la filimu lathera pomwepo. Maso onse anabwera kwa ine. Ndinapisa m'sokosi.

Filimuyo inatuluka ndipo inayenda, mpaka ku Tsangano ndi pamsika wa Lizulu anthu anali nayo m'mafoni. Pachikuto anaikapo tonde, ine kumangooneka khutu. Agogo aja anadzamugulitsa pamtengo wokwera chifukwa ogula ankalimbirana mbuzi ya mufilimu.

Chaka chotsatira ndinapeza mbeta, ndipo amalume aja a mbatata anandiperekeza kukaonekera. Atate ake a mkaziyo anatilandira bwino, anatiyalira mphasa, moni mwaulemu wonse. Anandiyang'anitsitsa kanthawi, kenaka nkuitana kamnyamata kawo, nkukanong'oneza. Kamwanako kanathamangira kukhola, ndipo tonse tinkakamva kakuwerenga mokweza: um, dois, três, quatro. Ukwati unatheka, tili ndi ana awiri. Koma mpaka lero ndikapita kwa apongozi, potsanzikana amandiperekeza iwo eni mpaka kumsewu, ndipo njira yomwe amandidutsitsa ndi yakuseri, yotalikirana ndi khola.