Lachiwiri ku Linlithgow ndi amayi

Dzuwa latuluka lero, ndipo kuno ku Scotland likatuluka sudikira kuti mawa. Amayi chibwerereni kuchokera ku Nkhotakota kudzatithandiza kulera khanda, maulendo awo akhala a kukhitchini ndi pabalaza basi. Nyamakazi inawagwira mawondo, ndipo Edinburgh ndi mzinda wa zitunda ndi masitepe. M'mawa ndinati, "Amayi, valani jekete lija tikaone nyanja." Anandiyang'ana kaye. "Nanga ndikakatopa pa njira, mwanawe, ukandibereka?"

Tinakwera sitima pa siteshoni ya Waverley mu Edinburgh, ndipo patatha mphindi ngati 20 tinali titatsika pa Linlithgow, katauni kakang'ono ka m'dera la West Lothian. Kamsewu kopita kunyumba yakale yachifumu ya m'tauniyi, kotchedwa Kirkgate, n'kokwera, ndiye tinakasiya n'kutsikira kumadzi cha kumunsi kwake, ine ndikukankha chikuku cha mwana, amayi pambali ndi ndodo yawo.

Atangowaona madziwo anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Iyi ndiye nyanjayo? Tsidya lake ndikuliona ili!" Munthu wokulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi sungamutsutse. Komabe ku Lothian konse kuno, pa nyanja zachilengedwe, iyi ndiye yaikulu.

Chimene ndinawabweretsera si kukula kwa madzi ayi, koma njira. Imazungulira nyanja yonse, pafupifupi makilomita 4, ndipo mbali yaikulu ndi yosalala, yopanda chitunda choti n'kukupumitsa wefuwefu. Cha kutauni kuno ndi yathyathyathya moti mateyala a chikuku amangoyenda okha. Mabenchi ali pafupipafupi, ndipo kwa munthu wa mawondo ngati amayi chimenechi ndiye chachikulu. Sankayang'ana kutalika kwa ulendo, ankangoyang'ana benchi lotsatira. Tikafika akhale, asisite bondo, aone abakha, kenako okha, "Tiye."

Tinapezana ndi agogo ena aamuna ali pa njinga ya magetsi ya anthu ovutika kuyenda, kagalu kali pamiyendo, opanda wowakankha kapena wowaperekeza. Amayi anawatsatira ndi maso mpaka anakhota. "Kwathu akanakhala ali pamkeka kuseri kwa nyumba amenewa," anatero motsitsa mawu. Zinandikhudza kwambiri. Nyanja yathu ndi yokongola kuposa iyi kutalitali, koma ndi okalamba angati amene amafikako miyendo ikayamba kukana? Mchenga sulola ndodo, sulola chikuku. Kanjira kasimenti ndi mabenchi angapo pansi pa mitengo si zinthu zoti dziko lingalephere.

Tinapuma nthawi yaitali pa kapinga wa paki yomwe amaitcha The Peel, pansi penipeni pa nyumba yachifumu ija. Makoma ake ataliatali adakalipo koma denga linapsa ndi moto mu 1746. Ndinawauza kuti m'menemo munabadwira Mary, mfumukazi ya Scotland, mu December 1542, ndipo bambo ake James V anamwalira iye ali ndi masiku 6 okha, ufumu n'kugwera khanda. Amayi anasuzumira m'chikuku momwe mdzukulu wawo anali mtulo, n'kupukusa mutu. "Mwana wosatuluka n'chikuta yemwe? Anamulakwira." Chisoti chachitsulo chosongoka chomwe anachiika pansanja ya tchalitchi cha St Michael's mu 1964 sanachikonde, akuti chikuoneka ngati sanamalize kumanga.

Ma swan, mbalame zikuluzikulu za m'madzi, anabwera mpaka m'mphepete, oyera mbee, makosi ataliatali, osaopa munthu ngakhale pang'ono. Lina linatambasula khosi kulunjika m'chikwama mwathu, amayi n'kuliopseza ndi ndodo. Chapatali asodzi awiri anali m'bwato ndi mbedza zawo, duu, osayankhulana. Amayi anafunsa ngati amagwira chambo, ndinati ndi trout.

Sitinazungulire yonse. Kumpoto njira imayandikana ndi msewu waukulu wa M9, phokoso la magalimoto limamveka, ndipo mphepo inali itayamba kuzizira. Tinabwerera momwe tinadzera, n'kumwa tiyi pa High Street tisanakwere sitima.

Madzulo ano ndawapaka mankhwala m'mawondo, akuti akuwawa pang'ono koma osati ngati mmene ankaopera. Panopa ali pa WhatsApp ndi mng'ono wawo wa ku Dwangwa, akumuuza za mbalame yofuna kuba buledi. Andiuza kale kuti Loweruka bambo a mwana akapuma ku ntchito tipitenso tonse, ndiphike mandasi, ndipo ulendo uno akufuna akafike tsidya lija.