Batani lofiira ndi foni ya a gadi

Lolemba ndisanaike n'komwe chikwama pansi bwana anandiitana. Ati wikendi yonse amaonera mavidiyo a A/B testing pa YouTube, kuja koonetsa theka la anthu tsamba lakale, theka linalo tsamba losinthidwa, kuti muone lomwe likugulitsa kwambiri, ndiye akufuna tiyambe sabata yomweyi, "achimwene tipezereni tool yabwino, anthu akulowa pa webusaiti koma sakugula." Timagulitsa magetsi a sola ndi ma power bank, anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu timatumiza pa basi. Munthu wa webusaiti ndi ine ndekha, ndinenso wokonza printa ikafa.

Bwana amafuna tool yotchedwa Google Optimize poti mu vidiyo anati ndi yaulere. Ndinawauza kuti imeneyo Google inatseka pa 30 September 2023, vidiyo yawoyo ndi yakale. Ma tool ena ngati VWO ndi Optimizely alipo inde koma mukafuna zenizeni ndi madola, ndipo nonse mukudziwa mmene nkhani ya forex ilili, a akaunti anangondiyang'ana osayankha, hosting yeniyeniyo, ya malo omwe webusaiti yathu imakhala, timalipira mochita kupempha ku banki. Ndiye ndinaika tool ina ya A/B testing yotchedwa GrowthBook pa seva yathu poti ndi open source, aliyense atha kuitenga n'kudziikira, n'kuponyanso Microsoft Clarity yomwe imajambula zomwe anthu akuchita pa webusaiti, iyo ndi yaulere basi. Lachiwiri linathera mu GA4, pulogalamu ya Google yowerengera alendo ndi malonda a pa webusaiti, oda imodzi imawerengedwa kawiri munthu akapanga refresh tsamba lomaliza, kutanthauza kuti malipoti onse omwe takhala tikunyadira anali onenepa. Magetsi anazima 10 koloko, jenereta ilibe mafuta, ndinamalizira pa hotspot ya foni yanga.

Ndisananene za Lachinayi ndikuuzeni masamu omwe ndinawalembera bwana pa pepala. Ngati mwa anthu 100 ogula ndi awiri, ndipo mukufuna kuona ngati kusintha kwanu kwakweza kuchoka pa 2% kufika pa 2.4%, mufunika anthu pafupifupi 20,000 mbali iliyonse. Mbali iliyonse abale. Ife patsiku labwino timaona anthu mazana ochepa chabe, ena mwa iwo ndi ife tomwe a mu ofesi. Ndinati bwana test imeneyi itha miyezi. Anati "tangoyesani kaye." Chabwino. Lachitatu m'mawa ndinayatsa, theka la anthu likuona batani logulira lobiriwira lakale, theka lofiira.

Lachinayi cha m'ma 9 ndikumva kuseka ku ofesi kwawo. Atsegula okha dashboard yoonetsa zotsatira za test, aona lofiira lili ndi maoda 9, lobiriwira 4. Basi wopambana wapezeka. Osandifunsa, anauza mphwawo yemwe ali pa internship kuti asinthe mabatani onse akhale ofiira, mwanayo n'kulowa mu theme, momwe timasinthira maonekedwe a webusaiti, n'kusinthadi, test yanga n'kufera pomwepo chifukwa mbali zonse ziwiri zinali zofiira tsopano. Pa miting'i ananena pamaso pa aliyense kuti malonda achulukitsidwa kawiri ndi mtundu wa batani. Ine ndinati bwana maoda 13 ngakhale mutaponya ndalama m'mwamba ka 13 mutha kupeza 9 ndi 4, anandiyankha kuti vuto la ife ophunzira ndi kukonda kuvutitsa zinthu zophweka. Mxii. Ndinangotseka laputopu n'kutuluka.

Chinandipweteka kwambiri si batanilo ai. N'chakuti usiku wa Lachitatu ndinakhala mpaka 11 ndikuonera ma recording a Clarity, ndipo ndinali ndi chinthu chenicheni choti ndinene koma sanandipatse mpata. Munthu amasankha katundu bwinobwino, kufika pa fomu yolipira, kulemba pa bokosi la nambala ya foni, kudina batani, palibe chikuchitika. Kudinanso. Kudina kasanu motsatizana, zomwe Clarity imazitcha rage clicks, kenako wapita. Wina, chimodzimodzi. Winanso. Onse pa foni za Android. Vuto n'lakuti Clarity imabisa zomwe munthu akulemba mu fomu, umangoona timadontho, ndiye sindimadziwa kuti akulakwitsa pati. Pa laputopu yanga zonse zimayenda.

Nditatuluka mu miting'i muja ndinapita pa geti kwa a gadi athu, bambo achikulire ndithu, ali ndi ka itel kosweka pakona. Ndinati madala tandithandizeni, yerekezani kuti mukugula tochi iyi. Anati alibe bandulo, ndinawagulira. Tsamba linatenga nthawi kutseguka, chithunzi cha pamwamba chija bwana amachikonda n'cholemera zedi, PageSpeed Insights, tool ya Google yoyezera liwiro la tsamba, yakhala ikudandaula kalekale kuti tili kutali ndi masekondi 2.5 omwe Google imafuna kuti chinthu chachikulu cha pa tsamba chikhale chitaoneka. Anadikira moleza, n'kufika pa fomu. Analemba nambala yawo mmene Mmalawi aliyense amalembera, kuyamba ndi 0, n'kusiya mpata pakati ngati mmene amaitchulira. Kudina. Zii. Anandiyang'ana n'kuti "yakana bwana, mwina ndi netiweki."

Sinali netiweki. Fomu yathu imangolandira nambala yoyamba ndi +265 yopanda mpata uliwonse, ndipo uthenga wonena zimenezo umatuluka pamwamba pa tsamba, timalemba ting'onoting'ono m'Chingerezi, pomwe pa sikirini yaing'ono keyboard ikatseguka suungaone. Ine sindinaligwirepo vutoli chifukwa Chrome imandilembera yokha nambala yanga ndi +265. Apa ndivomere, fomuyo ndinaiika ndine chaka chatha. Ndinaima pa getipo manyazi ndi mkwiyo zonse pamodzi, chaka chathunthu anthu akubwera ndi ndalama m'manja ife tikuwabweza pakhomo, kwinaku tikulipira ma ads a Facebook kuti abwere ena adzabwezedwenso.

Kukonza kwake sikunathe ngakhale theka la ola. Kuchotsa mipata, 0 woyamba kumusandutsa +265, uthenga kuuika pansi penipeni pa bokosi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, keyboard izituluka ya manambala. Ndinabwerera kwa madala aja, anayesanso, foni yawo n'kulira kupempha PIN. Anaseka n'kuti "ndiye ndilipiredi?" Ndinati ayi ayi kanizani.

Lachisanu maoda anabwera ambiri kuposa masiku onse a sabatayi, sindinena kuti ndi umboni chifukwa linalinso tsiku la malipiro, ndidikira masabata angapo ndione. Bwana sakudikira, ati mwaona mphamvu ya batani lofiira, sabata ya mawa tiyese logo. Ndinawalembera imelo yofotokoza za fomu ija ndi ma recording atatu, mpaka pano sanaitsegule. Ndalama ya bandulo ya a gadi ndinakapempha ku akaunti, ati ndibweretse lisiti.