Zitseko Zanga Zinagona ku Mitundu

Tinalowa m'nyumba yathu ya ku Chinsapo mu Okutobala 2023 isanathe, chifukwa lendi inali itatikwana. Denga linalipo, chitseko chakumaso chinalipo, koma mkatimo munali mafelemu okhaokha. Kuchipinda kwathu tinatchinga ndi chitenje, kwa ana bulangeti lakale, ndipo kubafa tinaika lamulo: ukalowa uziimba mokweza kuti ena adziwe kuti muli munthu. Apongozi anga atabwera kudzaona nyumba, anamaliza nyimbo zonse za chigwirizano cha amayi m'masiku anayi, tsiku lachisanu n'kuyamba za ukwati.

Amisiri anandipezera ndi alamu anga. Anafika pensulo ili kukhutu, tepi m'chiuno, nsapato zodzaza utuchi. Anagogoda felemu ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Bwana, anakuikirani izi ndani? Anakuberanitu."

Ndinakopeka pomwepo. Sindinadziwe kuti mmisiri aliyense amayamba ntchito ponyoza mnzake amene anadutsapo.

Ine ndimadziona ngati wochenjera. Ndinkadziwa kuti ukapereka ndalama ya matabwa, amakulipiritsa mtengo wa m'bawa n'kukukhomera paini wa ku Chikangawa wopakidwa vanishi wofiirira. Choncho ndinapita ndekha ku Mchesi, ndinasankha matabwa 12 a m'bawa weniweni, owuma bwino, ndikuwanunkhiza limodzilimodzi ngati ndikugula chambo. Anagona pabalaza masiku awiri. Masiku awiri omwewo mwana wanga wa Sitandade 4 anapeza bolodi laulere, n'kulembapo ndi peni yakuda yosafufutika ija kuti 7 x 8 = 54. Ndinamukalipira kwambiri. Osati chifukwa cha thabwa, koma yankholo.

Tinagwirizana K240,000 pa zitseko zitatu, dipoziti K150,000. Mayi akunyumba anandikokera kukhitchini.

"Bambo, mulemberane kaye. Ngakhale pa pepala la m'kope la mwana."

"Mayi, amuna timayankhulana ndi maso," ndinatero. Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero, chifukwa amabwerezedwa m'nyumba mwanga ndiwo zikangochepa.

Amisiri anawerenga ndalama kawiri akunyowetsa chala, anakweza matabwa pa kalole, n'kunena kuti: "Lachisanu likubwerali, bwana, mukhala mukutseka ndi kiyi."

Lachisanu loyamba kunalibe magetsi. Lachiwiri makina opalira anali atapsa chifukwa magetsi anabwera mwamphamvu. Kenako kumayambiriro kwa Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo sindikukhulupirira kuti m'Malawi muno munali munthu amene anaimva nkhaniyi msanga kuposa amisiri anga. Anandiimbira okha, koyamba m'mbiri ya ubale wathu, kundiuza kuti guluu wakwera, mahinjesi akwera, ngakhale sandipepa akulowa ndi madola. Ndinawatumizira K20,000 pa Airtel Money. Uthenga woti ndalama yafika unali mawu omaliza amene ndinalandira mwezi umenewo.

Ndinayamba kupita kushedi kwawo. Nthawi zonse ndinkapeza kamnyamata kakupala mwendo wa tebulo, ndipo osadzutsa n'komwe mutu kankati, "Angotuluka pompano, jekete lawo ndi ilo." Jeketelo linalidi pa msomali. Ulendo wachinayi ndinaliyang'anitsitsa, ndinapeza kangaude atamanga nyumba kuchokera pa kolala kufika m'thumba, ndipo iye zitseko zake anali atamaliza.

Kenako anayamba maliro. Ndikaimba ndi foni ya mnzanga, amisiri ankayankha ndi mawu otsika: "Bwana, ndili pa zovuta, agogo atisiya." Ndinapepesa. Patatha masabata awiri agogo anatisiyanso. Nditafunsa, anati oyamba aja anali a kuchimuna, awa ndi a kuchikazi. Ndinawerenga pa zala, ndinaona kuti agogo atsala awiri, ndiye mwina pofika Khrisimasi tidzakhala titamasuka.

Sabata yachiwiri ya Disembala anadumpha mzere. "Amalume, bwana. Tikuika mawa ku Mitundu."

Apa mtima unandiwira. Ndinaumiriza alamu anga kundiuza dzina la mudzi, ndinapempha tchuthi kuntchito, m'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Mitundu. Njira yonse, kuyambira pa Bunda Turn-off, ndinkakonza mawu oti ndikanene ndikawapeza atakhala pa bawo. Ndinakonzanso ndi poimira, dzanja limodzi m'chiuno. Pa Mitundu ndinakwera kabaza, tinayenda ndithu m'matope a mvula yoyamba, kenako wakabaza anaima mwadzidzidzi n'kuvula chipewa.

Pamsewu panali masamba.

Anthu inu, malirowo anali enieni. Amayi akulira m'nyumba ya siwa, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, utsi wa nkhuni uli tolo kuseri. Ndisanaganize zobwerera, amisiri anandiona. Anathamanga, maso ali psuu, n'kundigwira ndi manja awiri.

"Bwana! Mwabwera? Mpaka kuno?" Anatembenukira kwa akuluakulu. "Awa ndi abwana anga a ku Lilongwe. Amva za malume, asiya ntchito."

Mkulu wina ananyamuka pa mpando wokhawo wa pulasitiki n'kundipatsa, pafupi ndi amfumu. Mawu onse amene ndinakonza m'minibasi aja anasungunuka. Munthu ungafunse bwanji za zitseko amfumu akukuthokoza kuti masiku ano mabwana a mtima wotere ndi osowa? Posakhalitsa kunabwera mnyamata ndi mbale ndi kope la chipepeso, n'kugwada patsogolo panga. Mudzi wonse unayang'ana thumba langa. Ndinapisa dzanja ndikufuna K2,000, koma zala zinatulutsa mapepala awiri a K5,000 atamatirirana, ndipo pamaliro subweza dzanja. Powerenga chipepeso, dzina langa linatchulidwa kawiri, kachiwiriko mwapang'onopang'ono kuti akumbuyo amve.

Itakwana nthawi yoona nkhope, anati alendo ochokera kutali ayambe. Ndinayenda mwaulemu, manja kumbuyo. Ndikuyandikira, mtima wa munthu wodziwa matabwa unayamikira: bokosi lokongola, lofiirira, lolemera, losiyana ndi mabokosi a mapepala opanikiza aja. Ndinadziuza kuti koma munthuyu ntchito amaitha. Kachivundikiro ka kumutu anali atakachotsa n'kukayedzeka pambali, mbali yosapala ili poyera. Ndinaponyako diso.

7 x 8 = 54.

Ndinaima. Ndinayang'ana malemu, atagona mwamtendere mkati mwa chitseko changa cha kubafa, cha kwa ana, ndi mbali ina ya cha kuchipinda. Ndinayang'ananso dzanja la mwana wanga, ndi 5 wake wokhala ngati S uja. Kukhosi kunatuluka kamawu kamene sindikudziwa ngati kanali kulira kapena chiyani, misozi n'kutsika yokha. Amayi awiri anandigwira m'mapewa.

"Limbani mtima, bambo. Munkadziwana nawo kwambiri eti?"

"Ayi," ndinatero, "koma atenga zambiri za ine."

Mawuwa anawakhudza kwambiri. Ndinamva mayi wina akuwabwereza kwa mnzake, onse n'kuyambanso kulira.

Kumanda adzukulu anandipatsa ulemu woponya nawo dothi. Ndinaponya. Linagunda pa m'bawa ndi kaphokoso kabwino, kosonyeza kuti thabwa linali lowumadi, sanandinamize ku Mchesi. Titabwerera kumudzi ndinadya nsima ya nyemba, ndipo sindibisa, ndinadya mitanda itatu, poti ndi chinthu chokhacho chimene ndikanabweza pa ndalama zanga.

Amisiri anandiperekeza mpaka pa kabaza. Titatsala awiri ndinayesa kutsegula pakamwa, koma anandiyambirira.

"Bwana, ndaona kuti mwaona. Zinthu zinachitika usiku, ndipo m'shedi monse thabwa loyenera amalume linali lanu lokha. Inunso mukanakonda kuti apite m'paini?"

Ndinapezeka ndikupukusa mutu kuti ayi. Mpaka pano sindimvetsa kuti funso limenelo linandigonjetsa bwanji.

Kunyumba ndinafika mdima utagwa, matope mpaka m'maondo. Mayi akunyumba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Zitseko zili kuti?"

"Taika."

"Mwaika kuti?"

Ndinafotokoza. Sanakalipe. Anakhala pansi, anaseka mpaka chitenje cha pakhomo la kuchipinda anachigwetsa pofuna pogwira, kenako anaitana mwana uja n'kumuuza kuti masamu ake olakwa afika kwa makolo.

Patatsala masiku atatu kuti Khrisimasi ikwane, m'mawa, kunamveka odi. Anali amisiri, pensulo kukhutu, atanyamula kampando kakang'ono ka miyendo itatu. Anati ndi zotsala za matabwa aja, sakanafuna kuti ndiziti anandibera. Anatinso akubanja akupereka moni, ndipo pa chiliza chaka chamawa dzina langa lili kale pa mndandanda. Atatero anakanda kumutu n'kunena kuti kampandoko kakufunika vanishi, K5,000 yokha ikwana.

Ndisanayankhe, pageti panaima kabaza. Anatsika apongozi, chikwama kumutu, m'manja atagwira buku la nyimbo latsopano, lalikulu lija.