Momwe tinasinthira ubongo wa radar yakale ya sitima yankhondo

Titakwera sitimayo koyamba, radar inkazungulirabe, koma kabati yake yowerengera zizindikiro inali itatopa. Opanga mabolodi ake anasiya kalekale, moti amisiri ankachita kukazula ena m'sitima zopumitsidwa. Tinagwirizana kuti antena ndi transmitter, chipangizo chotulutsa mafunde a radar, tisazikhudze. Tichotse kompyuta ndi sikirini basi, tiikepo seva, kompyuta yamphamvu yoyendera pulogalamu ya Linux, imene aliyense angagule. Nzeru imeneyi si yathu ayi. Ku America inakula mu 1994, pamene nduna ya zachitetezo William Perry inalamula asilikali kuti azidalira miyezo ya zinthu za pamsika m'malo molemba yawoyawo pa chilichonse.

Seva inafika msanga. Thukuta linali pa mawaya atatu akale: wa trigger wouza kuti mafunde atuluka, wa video wonyamula zimene zabwerera, ndi wachitatu wonena kumene antena yaloza. Onse tinawalowetsa m'khadi losandutsa zizindikiro kukhala manambala, n'kutumiza chithunzicho pa netiweki mwa ASTERIX CAT 240, muyezo wotumizira zithunzi za radar.

Tsiku loyatsa ndinachita manyazi. Gombe lonse, doko ndi sitima zoyandikana, zinapanikizana theka limodzi la sikirini, theka linalo kuli bii. Masiku awiri ndinkaimba mlandu pulogalamu. Buku la radar linkati antena imatulutsa timapulse, tizizindikiro ta magetsi tonena kumene yaloza, 4096 pa kuzungulira kumodzi, ndipo ndi nambala imene ndinalemba. Nditaika oscilloscope, chipangizo choonetsa zizindikiro za magetsi, pa waya wachitatu uja ndinawerenga 2048. Winawake anasintha encoder, kachipangizo kotulutsa timapulse timeneti, zaka zapitazo osalemba paliponse. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhulupirira buku ndisanayeze ndekha.

Mtunda nawo unkanama pang'ono. Chizindikiro chikachedwa ndi microsecond imodzi yokha, gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, chinthu chimaoneka ngati chatalikira ndi mamita 150. Tinasankha boya, chizindikiro choyandama panyanja, limene malo ake tinkawadziwa bwino, n'kumakonza mpaka kadontho kake kanakhala pamalo pake.

Kenako mayeso a kugwedeza. Seva ya mu ofesi sinapangidwire mfuti ikulira pamwamba pake, choncho tinaikhazika m'kabati yachitsulo yokhala ndi masipuling'i, n'kuchotsa madisiki ozungulira kuikamo SSD, zosungira deta zopanda mbali zoyenda.

Sabata yomaliza anzanga ankandiseka chifukwa ndinkalemba ziro m'kabokosi kalikonse ka pulogalamu. Ndinkakumbukira USS Yorktown, sitima yankhondo ya ku America: mu 1997 munthu analowetsa ziro, pulogalamu inayesa kugawa nambala ndi ziroyo, makompyuta anagwa, sitima n'kuima panyanja maola oposa awiri. Kwathu kabokosi kamodzi kanaumitsadi sikirini, tinakakonza tisanachoke padoko.

Tisanapereke ntchito ndinalimbikira kuti agule makhadi ena apadera oti asunge, poti za pamsika zimasowa pakangopita zaka zochepa pomwe sitima idakali ndi moyo wautali. Ndiyeno ndinatenga buku lija, ndinakhwatcha 4096, ndinalemba 2048 ndi deti pambali pake.