Dzanja limafika patali kuposa mmene diso limaganizira

Chotchingira choyamba chimene ndinawotcherera ndekha chinali cha lamba wa makina ena oyendetsa katundu. Ndinayala tizitsulo toimirira, mpata wa mamilimita 25 pakati pake, n'kuchiimika mamilimita 300 kuchokera pamene lamba amalumana ndi gudumu. Penti wachikasu waliwali, ine mtima uli m'malo.

Mkulu wina amene anandiphunzitsa ntchito sananene kanthu. Anazimitsa makina, n'kuika loko pa swichi, kenako anapendeketsa dzanja lake n'kulilowetsa pampata paja. Linalowa myaa mpaka kupitirira pamfundo, zala n'kugunda lamba. "Mwatchingira ndani apa, achimwene?"

Tsiku limenelo ndi limene ndinatsegula koyamba ISO 13857, muyezo wa mitunda yachitetezo pa makina. Muyezo umenewu umati ngati mpata uli wautali ngati mng'alu, wotambalala kupitirira mamilimita 20 mpaka 30, choopsacho chikhale mamilimita 850 kuchokera pachotchingira, chifukwa mkono wonse umatha kulowa. Koma mpata wa kukula komweko ukakhala wa mbali zinayi zofanana, mamilimita 120 akwana, poti pamalowa zala zokha, chikhatho chimakakamira. Sindinasunthe chilichonse. Ndinangowotcherera tizitsulo tina topingasa, basi. Mpaka lero ndikaona chotchingira cha tizitsulo toimirira tokhatokha, tepi imatuluka yokha m'thumba.

Zimavuta kwambiri ndi light curtain, ija yokhala ndi timizere ta kuwala toimitsa makina dzanja likadutsapo. Apa palibe chitsulo chokugwira. Chimene chimakupulumutsa n'choti makina aime dzanja lisanafike. Muyezo wina, ISO 13855 wa chaka cha 2010, unkawerengera chonchi: S = K × T + C. S ndi mtunda wofunika kuchokera pa chipangizo kufika pa choopsa. K ndi liwiro la dzanja, mamilimita 2000 pa sekondi. T ndi nthawi yonse kuyambira pamene kuwala kwadulidwa mpaka makina ataima zii. C ndi kamtunda kamene zala zimalowa chipangizo chisanazione, ndipo kwa chimene chimazindikira chinthu cha mamilimita 40 kapena kucheperapo, C = 8 × (d − 14), pamene d ndi kukula, m'mamilimita, kwa chinthu chaching'ono kwambiri chimene chipangizocho chimazindikira.

Tiyerekeze makina akuima m'masekondi 0.15, light curtain n'kuwonjezera 0.02, ndipo d ndi 30. T ndi 0.17, C ndi 128, mtunda ukutuluka mamilimita 468. Mabuleki akadyeka, T n'kufika 0.27, yankho limadumpha 500. Apo muyezo umalola kubwereza ndi K wa 1600, koma ngakhale utatero upeza 560. Chipangizo chili pomwe chinali, nyali yobiriwira ikuyaka bwinobwino, koma mtunda wapelewera ndi mamilimita 92, pafupifupi chala chathunthu.

N'chifukwa chake ndimakangana ndi anzanga amene amatenga T m'buku la makina. Bukulo linalembedwa makina ali atsopano. Ine ndimayeza ndi chipangizo choyezera nthawi yoima, kangapo konse, makina atasenza katundu wolemera ndiponso ali pa liwiro lalikulu, osadalira muyezo umodzi umene watuluka bwino.

Oyendetsa makina amadandaula kuti chotchingira chikatalikira amapweteka msana powerama. Dandaulo limenelo ndimalimva, pakuti munthu wotopa ndi amene amamasula mabawuti n'kuchikhazika pambali. Pa makina ena osindikiza zitsulo tinachoka pa light curtain ya d = 30 n'kusinthira ku ya d = 14, C n'kukhala 0, ndipo tinaisendeza pafupi ndi mamilimita 128.