Shopu yathu ya magemu ndi mlandu wa Joel umene sukutha

Aliyense wolowa mu shopu yathu koyamba amafunsa za bolodi lomwe lili kuseri kwa chitseko, lili ndi mzere pakati, mbali ina tinalemba wabwino mbali ina woipa, pansi pake timizere ta choko tambirimbiri tina tofufutidwa ndi chala. Ena amaganiza kuti ndi ngongole za makasitomala. Ayi ndithu, umenewo ndi mlandu wa Joel, bambo wa mu gemu ya The Last of Us, ndipo ndi umene unasintha geni yathuyi.

Tinayamba ndi PS4 imodzi, makina osewerera magemu pa TV, yomwe alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, yogwiritsidwa kale ntchito, fani yake ikatentha imalira ngati chigayo. TV tinachotsa pabalaza kunyumba, mayi akunyumba anavomera koma movutikira, ndalama ya mabenchi ndi ma pad awiri anakatenga ndi iwowo ku banki m'khonde. Kachipinda tinapeza kufupi ndi msika kuno ku Ndirande. Nde inali FIFA basi, m'mawa mpaka usiku FIFA, magetsi akazima tsiku lapita lendi ikukudikira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 pad imodzi kugula kwake kunali kolira, ndinaphunzira kumasula ndekha ndi kasikuludiraiva kusintha timabatani, mpaka pano ndili ndi chitini chodzadza ndi tizidutswa ta ma pad akufa.

Mu katoni ya PS4 ija munali disiki ina yomwe palibe ankaikhudza, The Last of Us. Tsiku lina mvula inagwa kuyambira m'mawa, kasitomala olo mmodzi, nde ndinangoti ndiione. Gemu imayamba uli kamtsikana, Sarah, mwana wa Joel, usiku womwe matenda abuka ku Texas, bambo ake amunyamula akuthawa naye kenako msilikali akuwombera, mwana uja kufera m'manja mwa bambo ake. Ine ndili ndi mwana wamkazi. Ndinaika pad pansi ndikutuluka kukaima pakhonde mvula ikundiwaza, ndinali ndisanaganizepo kuti gemu ingandigwire pamtima choncho.

Maganizo anabwera pompo, bwanji Lachitatu madzulo, tsiku lomwe kumakhala zii, mmodzi azisewera enafe tizionera ngati ku video show, aliyense kuponya kangachepe. Mnyamata wina yemwe anali atangolemba Fomu 4 anadzipereka kumasulira Chingerezi, amachita kusintha mawu akafika pa Ellie, kamtsikana koyenda ndi Joel mu gemuyi. Ana a yunifomu sitilola, gemuyi ndi ya akuluakulu, muli magazi ambiri. Sabata yoyamba tinalipo asanu, pofika pakati pa nkhani anthu amaima mpaka pakhomo.

Kwa amene simunaiseweleko, inapangidwa ndi a Naughty Dog, inatuluka 2013 pa PS3 ndipo ya PS4 inabwera 2014. Papita zaka 20 Sarah atamwalira, dziko linatha ndi mtundu wa bowa wotchedwa Cordyceps womwe umalowa mu ubongo munthu n'kusanduka chilombo. Joel ali ku Boston akuchita zozembetsa katundu, mtima unauma kalekale. Apatsidwa ntchito yoperekeza Ellie wa zaka 14, yemwe analumidwa koma sanadwale, kwa gulu la Fireflies lomwe likufuna kupanga katemera. Ayenda pafupifupi chaka mpaka ku Salt Lake City, panjira munthu amene ankamutcha mwanayo katundu wayamba kumuona ngati wake. Kufika ku chipatala kuja ndi pomwe akumuuza kuti katemerayo apezeke akuyenera kuchotsa chomwe chili mu ubongo wa Ellie, ndiye kuti mwanayo afa. Joel anapha asilikali a Fireflies chipatala chonse, anapha dokotala, anapha Marlene mtsogoleri wawo akuchita kumupempha kuti amusiye, n'kunyamula Ellie ali chikomokere. Atatsitsimuka anamunamiza kuti alipo ena ambiri onga iye ndipo za katemera zinakanika, Ellie anati lumbirani, iye analumbira.

Usiku womwe tinafika pamenepo pad inali ndi mnyamata wina wa kabaza. Atalowa mu chipinda cha opaleshoni dokotala anatola kampeni n'kuima kutsogolo kwa bedi, mnyamata uja anangoima osadina chilichonse, thukuta kamukamu, akuti achimwene palibe njira ina? Anazungulira chipinda chonse kufuna khomo lina. Palibe. Gemuyi sikupatsa mwayi wosankha, dokotala uja ukuyenera kumupha ndi chala chako kuti nkhani ipitirire. Anadina, manesi awiri aja anawasiya amoyo, ndipo m'shopu munali chete moti timangomva fani ija.

Zitatha ndi pomwe phokoso linabuka, tinatseka mochedwa kwambiri mpaka alonda apamsika anabwera kudzaona ngati kuli ndewu. Mlongo wina amene amagwira ntchito za umoyo anati Joel ndi woipa basi palibe zokambirana, iye anaona ndi maso ake anthu akutha ndi kolera mu 2022 ndi 2023, nde munthu mmodzi angatseke bwanji chitseko cha mankhwala a dziko lonse chifukwa cha chisoni chake. Madala ena okonza mawayilesi pafupi nafe anamuyankha kuti mwana wanga iwe sunaikepo mwana m'manda, amene anaikapo sangaperekenso wachiwiri olo mutamulonjeza dziko lonse. Wina anati kodi ndani akutsimikiza kuti katemerayo akanatheka, chipatala chake chakutha chija, ndipo akanamugawa bwanji dziko lopanda misewu lopanda boma. Koma amene anatitseka pakamwa tonse ndi mayi ogulitsa mandasi pakhomo pathu, omwe ankaonera ataima ndi beseni lawo. Anati inu nonse mukukangana za abambowa ndi madokotala, mwanayo anamufunsa ndani? A Fireflies sanadikire kuti adzuke, Joel nayenso sanamufunse, aliyense anangomugamulira. Mawa lake ndinagula bolodi lija.

Part II, gawo lachiwiri la gemuyi, yomwe inatuluka 2020 tinachita kusonkherana kuti tiigule, ndipo inasokoneza bolodi lonse. Dokotala uja amene tinkangomuona ngati chopinga anali ndi dzina, Jerry, anali ndi mwana wake wamkazi Abby, ndipo gemu imakuonetsa bamboyo akupulumutsa mbidzi yokodwa mu waya mwana wake ali pambali. Abby ndi amene akubwera kudzapha Joel ndi ndodo ya gofu, kenako theka la gemu ukusewera ngati Abby yemweyo. Anyamata awiri anakana kugwira pad, mmodzi sanabwere masabata atatu. Atabwera anapita yekha pa bolodi, kufufuta kamzere kake ku wabwino, kuima nthawi yaitali choko chili m'manja, kenako n'kukabwezeretsa pomwe kanali.

Ine kamzere kanga kali ku woipa, ndipo zimandiwawa chifukwa Joel ndimamukonda. Kumutulutsa mwana m'chipatala muja ndimamumvetsa, atakhala mwana wanga pabedi paja sindikunama ndikanalowa chimodzimodzi. Koma munthuyu anavomera yekha ali ku Pittsburgh kuti zobisalira anthu panjira anazichitapo, Marlene anali atagwa kale alibe mphamvu, ndipo chachikulu kwa ine ndi bodza lija. Ellie anataya mnzake Riley, anaona Tess ndi Sam, anzawo apaulendo, akupita kumanda, chomwe chinkamulimbitsa mtima n'choti kusadwala kwake kudzathandiza anthu, nde iwe ukumulanda chimenecho n'kumulumbirira m'maso kuti usamutaye. Pamenepo sanateteze Ellie, anadziteteza yekha. Madala a mawayilesi aja mpaka lero amandiuza kuti ndidzasintha maganizo ndikadzakula, mwina akunena zoona.

Panopa tili ndi ma PS4 atatu, sola ndi batire tinaika kuti magetsi akazima osachepera TV imodzi iziyaka, TV yakunyumba ija inabwerera pabalaza. Ndalama yeniyeni imachokerabe ku mpira, FC yomwe anthu akuitchabe FIFA, Lachitatu silibweretsa zambiri koma anthu a Lachitatu ndi amene amabwera ndi anzawo, ndi amenenso anatithandiza kusenza katundu denga litadontha. Lachitatu likubwerali tikuyambiranso gemu yoyamba ndi gulu latsopano, ambiri sakudziwa mathero ake, nde akale mukabwera chonde pakamwa potseka, choko ndagula kale bokosi lina.